Siteshoni ya sitima pansi pa nthaka kunja kwa tawuni, akumbiranji pomwe malo alipo?

Mutafika pa Gants Hill, dera lina lokhala anthu chakum'mawa kwa London, wina n'kukuuzani kuti pomwe mwaimapo pali siteshoni ya sitima, mukhoza kuganiza kuti akukuseweretsani. Chinyumba cha siteshoni palibe, njanji siyikuoneka, olo kulira kwa sitima simukumva. Chomwe chilipo ndi raundabauti basi, magalimoto akungozungulira, mashopu uku ndi uku, kenako timasitepe tolowera pansi m'mbali mwa msewu ngati una. Koma mukangotsika timasitepeto n'kudutsa pa mageti a matikiti, kutsikanso kachiwiri, mumangoti tulukiru mu chiholo chachikulu cha denga lokhota, nyali zili ngwee, mipando pakati, sitima za Central line zikuima mbali zonse ziwiri.

Siteshoniyi inatsegulidwa mu December 1947, ndipo amene anajambula mapulani ake ndi Charles Holden, yemwe anatengerako kamangidwe ka masiteshoni a ku Moscow. Mathanelo ake anali atakumbidwa kale nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanafike povuta, nde ntchito itaima kamba ka nkhondoyo, kampani ya Plessey inalowamo n'kusandutsa fakitale yopangira zipangizo za ndege, kuyambira 1942 mpaka 1945, anthu akugwira ntchito pansi mabomba akugwa pamwamba. Koma nkhani yanga si ya nkhondo ayi. Funso langa ndi lakuti n'chifukwa chani anthu amavutika kukumba siteshoni pansi kudera ngati limeneli. Pakati pa mzinda zimamveka, nyumba ndi zothithikana, malo ndi odula koopsa, njanji ilibe podutsa. Nanga kunja kwa tawuni, komwe kuli nyumba zogona, timabwalo, misewu yotakasuka, akumbiranji?

Tiyambe tagwirizana kaye kuti metro n'chani, chifukwa ambiri timangoti ndi sitima yoyenda pansi pa nthaka, zomwe si zoona kwenikweni. Chomwe chimapangitsa sitima kukhala metro n'chakuti njanji yake ndi yayokha. Siyikumana ndi galimoto, siyikumana ndi munthu woyenda pansi, siyigawana njira ndi sitima za katundu, palibe pomwe msewu ukudula njanji kuti wina adikire mnzake. N'chifukwa chake sitima zimatha kumabwera motsatizana kwambiri. Pa Victoria line ku London nthawi yotanganidwa pamadutsa sitima 36 pa ola limodzi mbali imodzi, ndiye kuti masekondi 100 aliwonse kwabwera ina, mukaiphonya simudandaula n'komwe. Tsono kuti njanji ikhale payokha chonchi pali njira zitatu, kuikweza m'mwamba pa zipilala, kuisiya pamtunda n'kuitchinga ndi mpanda, kapena kuikwirira pansi. Yotchipa ndi ya pamtunda, ya zipilala ili pakatikati, yapansi ndiye imadya ndalama ngati moto wolusa.

Nde dzina lisakupusitseni. London Underground yomwe, gawo lomwe lili pansi zenizeni silikwana olo theka la njanji yonse. Ku Cairo, komwe metro yoyamba mu Africa inatsegulidwa mu 1987, laini yoyamba imalowa pansi kachigawo kakang'ono kokha pakati pa mzinda, koma ikalunjika ku Helwan kummwera kapena ku El Marg kumpoto imatuluka n'kumayenda padzuwa ngati sitima ina iliyonse. Ndi mmene zinayambira kuchokera kale. Sitima yoyamba yapansi pa nthaka padziko lonse, Metropolitan Railway, inayamba pa 10 January 1863 kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo inali ya malasha, utsi uli tolotolo m'thanelo anthu akutsokomola. Kampaniyo itayamba kukulitsa njanji kupita kunja kwa mzinda, ku Harrow ndi kupitirira, siinakumbenso, inangoyala njanji m'minda, kenako n'kuyamba kumanga ndi kugulitsa nyumba m'mbali mwake, n'kumatcha maderawo Metro-land. Kumeneko njanji inafika poyamba, nyumba n'kubwera pambuyo, nde panalibe chokumbira.

Vuto limabwera zikatembenuka, nyumba zikayamba kufika njanji isanabwere. Apa mainjiniya amakhala ndi mutu waukulu, chifukwa kuti mudutsitse njanji pamtunda m'dera lomwe anthu anamanga kale ndiye kuti mugula nyumba mazanamazana n'kuzigwetsa, mulipire chipukuta misozi, milandu kukhoti zaka ndi zaka, ndipo mukamaliza mwalidula deralo pakati, a tsidya ili sangawolokenso kupita tsidya linalo pokhapokha atapeza mlatho. Pa Gants Hill anangotsata pansi pa msewu waukulu wa Eastern Avenue, pamwamba osagwetsa zambiri. Pena ndi anthu okhala m'deralo amene amakana. Sitima ya pa zipilala imasokosa, imatchinga dzuwa, ndipo wokwera amaona mpaka kuchipinda kwanu. Ku Berkeley, ku California, pomwe amamanga njanji ya BART mapulani anali oti mbali ina iyende m'mwamba, koma mu 1966 anthu akumeneko anavota kuti bola adzikhomere okha msonkho wowonjezera, njanjiyo ilowe pansi. Tangoganizani, anthu kuvotera msonkho ndi manja awo.

Pena si anthu koma nthaka yomwe. Sitima siyikwera chitunda ngati galimoto, mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo amaterera, nde njanji imafuna kuyenda mosakwera kapena kutsika kwambiri. Dera likakhala paphiri, njanji imangopitirira mmene imayendera, phirilo n'kukhala pamwamba pake. Ndi zomwe zinachitika pa Hampstead, kumpoto kwa London, siteshoni ya mu 1907 yomwe ndi yakuya kuposa zonse mumzindawo, mamita 58 ndi theka. Anthu amatsika pa zikepe, koma zikepe zikafa pali masitepe ozungulira opitirira 300 akukudikirani. Ku Maryland, kunja kwa Washington, kuli masiteshoni awiri oyandikana omwe anatsegulidwa mu 1990, Forest Glen ndi Wheaton. Kumeneko miyala ya pamwamba ndi yofewa, yosadalirika, nde mainjiniya anatsikira ku thanthwe lolimba lomwe lili pansi kwambiri. Forest Glen inathera pa mamita pafupifupi 60, yakuya moti sanaikemo masitepe oyenda okha aja ochokera kumtunda, muli zikepe zothamanga basi. Pa Wheaton anaika, ndipo ndi otalika mamita 70, mumaimapo pafupifupi maminitsi atatu musanafike pansi. Ku Montreal chifukwa chake ndi china, kuzizira. Metro yawo ya mu 1966 ili ndi mawilo a matayala ndipo yonse ili pansi, siyinapangidwe kuti izilimbana ndi chipale chofewa, nde pomwe anaikulitsa mu 2007 kupita ku Laval, tsidya lina la mtsinje, masiteshoni atatu atsopanowo analowa pansi basi, panalibe zokambirana.

Tsopano kakumbidwe kake, apa ndi pomwe nkhani imakoma. Anthu ambiri akamva za sitima yapansi amaganiza za chimakina chija choboola, chomwe amachitcha TBM, chinthu chachitali ngati sitima yomwe, kutsogolo kuli chimbale chozungulira cha mano achitsulo chomwe chimatafuna dothi ndi miyala, dothilo n'kumatuluka kumbuyo pa lamba, uku makinawo akumata zidutswa za konkire kuzungulira khoma la thanelo, kenako n'kudzikankha kutsogolo potsamira pa konkire yomweyo. Ndi mfuko yeniyeni, pamwamba anthu akugona osadziwa kuti pansi pa bedi lawo padutsa chinthu. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, Marc Brunel anagwiritsa ntchito chishango chotetezera okumba pomwe amaboola pansi pa mtsinje wa Thames kuyambira 1825, thanelo yake n'kudzatsegulidwa mu 1843, ndipo James Henry Greathead, yemwe anabadwira ku South Africa, anaikonza bwino nzeruyo n'kukumbira njanji yakuya ya magetsi ya ku London ya mu 1890. Koma chimakinachi chimangoboola chibowo chokwana sitima. Siteshoni siyingakwanemo, chifukwa siteshoni imafuna pulatifomu, masitepe, zikepe, holo ya matikiti ndi zipinda zambirimbiri.

Nde siteshoni zambiri, makamaka za kunja kwa tawuni komwe malo amapezekako, amazikumba kuchokera pamwamba. Amatseka msewu kapena bwalo, n'kuyamba ndi makoma, dzenje lisanakumbidwe n'komwe. Amakumba ngalande yopapatiza koma yakuya kwambiri kuzungulira malo onsewo, n'kuidzaza ndi madzi a dongo lapadera kuti isagumukire mkati, kenako amatsitsiramo zitsulo zolukana n'kuthira konkire kuyambira pansi, konkireyo ikukankhira madzi a dongo aja kumtunda. Zikauma, muli ndi khoma lokwiririka m'nthaka mbali zonse zinayi. Apo ndi pomwe amayamba kuchotsa dothi la mkati pang'onopang'ono, akuika zichirikizo zachitsulo kuti makomawo asagwere mkati. Ena amachenjera, amayamba athira denga kaye n'kubwezeretsa msewu pamwamba kuti magalimoto ayambenso kuyenda, iwo n'kumapitiriza kukumba kunsi kwa dengalo. Pomaliza pamatsala chibokosi cha konkire chachitali kuposa bwalo la mpira, chakuya ngati nyumba yosanjikizana kangapo, ndipo chimakina choboola chija chimatulukira khoma lina, amachikoka kudutsa m'bokosimo, n'kukalowanso khoma linalo kupitiriza ulendo.

Izitu zimatenga zaka, ndipo amene amalira kwambiri ndi eni mashopu a m'mbali mwa dzenjelo, makasitomala sadutsanso, fumbi, phokoso, malole usiku ndi usana. Ndipo musanakumbe olo fosholo imodzi pali ntchito yotopetsa yomwe palibe amaiona, kusuntha mapaipi a madzi, a zonyansa, a gasi, mawaya a magetsi ndi a intaneti, ena mwa iwo sali n'komwe pa mapu, mumangowadziwa mukawadula. Komanso mukachotsa dothi pansi, nthaka ya pamwamba imakhala ikutsika pang'ono, mamilimita ochepa, nde nyumba zoyandikana amazimata tizipangizo toyezera kuti aziona ngati zikupendekeka. Zikalakwika zimalakwikadi. Pa 3 March 2009 ku Cologne, ku Germany, nyumba yosungiramo zolemba zakale za mzindawo inagwera m'dzenje la njanji yapansi yomwe imamangidwa, madzi ndi dothi zitabowola n'kulowa m'dzenjemo, anthu awiri a m'nyumba zoyandikana n'kumwalira.

Mdani wamkulu wa siteshoni yapansi ndi madzi, ndipo salola kugonja. Pansi pa nthaka pali madzi, ndipo chibokosi cha konkire chopanda kanthu mkati chikakhala m'madzi chimafuna kuyandama ngati bwato. Zoona, chinyumba chonsecho madzi amachikankhira m'mwamba, nde amachilemeretsa dala ndi konkire yokhuthala pansi pake kapena kuchikhomerera ndi zipilala zolowa pansi kwambiri. Olo atamata bwanji, madzi amadonthabe, n'chifukwa chake pamalo otsikitsitsa pa siteshoni iliyonse pali dzenje losonkhanitsira madzi ndi mapampu omwe sapuma. Ku Johannesburg, sitima ya Gautrain inayamba kuyenda pa 8 June 2010 pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi Sandton, kutatsala masiku atatu kuti World Cup iyambe, ndipo siteshoni ya Sandton ndi ya Rosebank zili pansi, koma chigawo chochokera ku Rosebank kukafika pa Park Station chinadikira mpaka mu June 2012 chifukwa madzi amalowa m'thanelo kuposa mlingo womwe anagwirizana.

Amenewo ndi madzi a pansi. A kumwamba ndiye oopsa kwambiri chifukwa amabwera nthawi imodzi. Ngati munaonapo zithunzi za masiteshoni a ku Hong Kong, Singapore kapena Bangkok mwina munadabwa kuti pakhomo munthu amayamba wakwera timasitepe tingapo asanayambe kutsika. Si kukongoletsa ayi, ndi mzere woti madzi a mvula oyenda mumsewu asathamangire pansi. Pa 20 July 2021 ku Zhengzhou, ku China, kunagwa mvula yopitirira mamilimita 200 mu ola limodzi lokha, madzi anagumula khoma n'kulowa m'thanelo ya Line 5, sitima n'kuima pakati pa masiteshoni madzi akukwera m'mabogi mpaka m'zifuwa za anthu, ndipo anthu 14 anafera mmenemo.

Kenako mpweya. Sitima ikamayenda m'thanelo yothina imakankha mpweya kutsogolo kwake ngati pampu ya njinga, n'chifukwa chake mukaima pa pulatifomu mumayamba mwamva kamphepo kumaso sitima isanaoneke. Mpweya umenewo umafuna kothawira, nde pali zibowo zokwera mpaka kumtunda zokhala ndi mafani akuluakulu. Kumadera okhala anthu zibowo zimenezi amazibisa kuti zisanyanse. Ku Brooklyn kuli nyumba ina pa Joralemon Street yomwe kunja imaoneka ngati ya anthu, mawindo ake akuda bii, koma mkati mulibe munthu, ndi potulukira mpweya wa sitima. Kutentha nakonso ndi nkhani. Mabuleki, mainjini, nyali, matupi a anthu, zonsezi zimatulutsa kutentha, ndipo dothi lozungulira thanelo limamwa kutenthako chaka ndi chaka mpaka kukhuta. Mathanelo akuya a ku London poyamba amawatsatsa kuti ndi malo ozizirira bwino nthawi yotentha, lero anthu amatuluka thukuta lili kamukamu. Ku Singapore, pomwe amatsegula metro yawo ya MRT mu 1987, anaika zitseko zagalasi m'mphepete mwa pulatifomu m'masiteshoni apansi, zotseguka pokhapokha sitima yaima, kuti mpweya wozizira usathawire m'thanelo, ndipo zitseko zomwezo zimathandizanso kuti munthu asagwere pa njanji. Kugwera pamenepo si masewera, chifukwa m'mametro ambiri magetsi amayenda pa njanji yachitatu m'mbali mwa zinazo, mavolti 600 mpaka 750.

Koma chomwe chimasowetsa tulo mainjiniya ndi moto, kapena tinene utsi, chifukwa pansi utsi ulibe kopita koma komweko komwe anthu akuthawira, kumasitepe. Pa 18 November 1987 pa King's Cross ku London, machesi oyaka anagwera kunsi kwa masitepe oyenda okha omwe anali a matabwa, pansi pake pali girisi ndi zinyalala zomwe zinaunjikana. Poyamba kamoto kake kamaoneka kakang'ono, koma malawi anagona m'ngalande ya masitepewo n'kumakwera mobisala, kenako anaphulikira mu holo ya matikiti, anthu 31 n'kumwalira. Kuchokera apo kusuta kunaletsedwa paliponse m'masiteshoni, ndipo masitepe a matabwa anayamba kuchotsedwa. Ku Daegu, ku South Korea, mu February 2003 munthu anayatsa dala moto m'sitima, ina n'kulowa pa siteshoni yomweyo n'kugwiranso moto, anthu 192 anafa. N'chifukwa chake siteshoni yatsopano imakhala ndi makomo othawira oposa limodzi, mafani otha kukoka utsi mbali imodzi anthu akuthawira mbali ina, magetsi apadera, zitseko zosagwira moto. Zomwe wokwera amaona ndi gawo chabe, kuseri kwa zitseko zokhoma zija kuli zipinda za mathiransifoma, za mafani, za mapampu, za makompyuta oyendetsera sitima, pena zimatenga malo ambiri kuposa omwe anthu amayendamo.

Mwaonatu komwe ndalama zimathera. Thanelo payokha ndi yodula, koma siteshoni ndi yomwe imapha. Ku New York gawo loyamba la Second Avenue Subway, lomwe linatsegulidwa pa 1 January 2017, linali la makilomita pafupifupi 3 ndi masiteshoni atsopano atatu, koma linadya madola pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo chigawo chachikulu chinapita ku masiteshoniwo. Inde New York ndi yodziwika ndi kudula, mizinda ngati Madrid, Istanbul ndi Seoul imamanga motchipa kwambiri kuposa apo, komabe kulikonse siteshoni yapansi imaposa ya pamtunda kutalitali. Ndipo kulipira sikuthera pa tsiku lodula riboni. Siteshoni ya pamtunda masana dzuwa limaunikira laulere, mphepo imadutsa yokha. Yapansi nyali ziyake tsiku lonse, mafani azungulire, mapampu apope, zikepe ndi masitepe oyenda okha azikonzedwa, kaya mwadutsa anthu 50,000 kaya 500.

Apa ndi pomwe siteshoni ya kunja kwa tawuni imasiyana ndi ya pakati pa mzinda. Ya pakati pa mzinda anthu amabwera kuchokera mbali zonse tsiku lonse, antchito, ogula, alendo, okaonera masewero usiku. Ya kudera logona anthu moyo wake uli ngati mpweya wa munthu, m'mawa onse atuluke kupita mbali imodzi, madzulo onse abwerere. Cha m'ma 7 koloko pulatifomu yopita kutawuni yadzaza mpaka kumasitepe pomwe ya mbali inayo kuli zii, sitima zikubwera zopanda anthu kudzatenga ena. Masana mukhoza kugona pa benchi osasokonezedwa. Koma siteshoniyo amayenera kuimanga molingana ndi ola lija lothithikana, kukula kwa masitepe, kuchuluka kwa mageti, zonse, nde maola enawo chimalo chonsecho chimangokhala. Chabwino chimodzi kwa okhala kumapeto kwa laini n'chakuti m'mawa amapeza mpando, a masiteshoni apakati amaima ulendo wonse.

Komanso munthu amalolera kuyenda wapansi maminitsi pafupifupi 10 kupita ku siteshoni, ndiye kuti mamita 800 kapena kuchepera. Jambulani bwalo la mamita 800 kuzungulira siteshoni n'kuwerenga anthu okhala kapena kugwira ntchito mkati mwake, amenewo ndiye makasitomala enieni. Ngati m'bwalomo muli nyumba zapansi zokhazokha, iliyonse ndi kabwalo kake ndi galaja, anthuwo ndi ochepa kwambiri kuti adzaze sitima. Nde mumafunika mabasi owatolera kuchokera kutali, malo oimika njinga, kapena chibwalo choimika magalimoto. Chomalizachi ine sindigwirizana nacho kwenikweni pa siteshoni yapansi. Mwaononga ndalama zankhaninkhani kubisa njanji kuti malo a pamwamba apulumuke, kenako malo omwewo, abwino kuposa onse m'deralo, mukuwapereka kwa magalimoto oti angoima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, galimoto imodzi munthu mmodzi. Bola mukanangoyala njanji pamtunda.

Amene anaiganiza bwino nkhaniyi ndi a ku Arlington, ku Virginia, tsidya lina la mtsinje wa Potomac kuchokera ku Washington. Mapulani oyamba anali oti njanji idutse pakati pa msewu waukulu wa I-66, zomwe zinali zotchipa. Akuluakulu a ku Arlington anakana, n'kulimbikira kuti ilowe pansi pa msewu wawo wakale wa mashopu, Wilson Boulevard, womwe nthawi imeneyo unali ukufa, masiteshoni n'kukhala oyandikana, Court House, Clarendon, Virginia Square, Ballston, omwe anatsegulidwa mu 1979. Kenako analola nyumba zitalizitali, maofesi ndi mafulati, pafupi penipeni ndi siteshoni iliyonse, kutalika kwake n'kumachepa mukamatalikira, mpaka kukafika ku nyumba zapansi zakale zomwe sanazikhudze. Lero kuchokera ku Rosslyn kukafika ku Ballston kuli ngati tawuni payokha, anthu ambiri amafika pa siteshoni wapansi, ndipo sitima zimanyamula anthu mbali zonse ziwiri chifukwa ena akubwera kudzagwira ntchito komweko. Mukapitirira Ballston laini yomweyo imatuluka n'kulowa pakati pa I-66 mpaka ku Vienna, ndipo kumeneko wotsika sitima amayamba wawoloka mlatho pamwamba pa magalimoto othamanga asanafike kulikonse.

Ku Hong Kong anafika nayo patali nzeru imeneyi. Kampani ya MTR, yoyendetsa metro kumeneko, imapatsidwa ufulu wotukula malo a pamwamba ndi ozungulira masiteshoni atsopano, imagwirizana ndi omanga nyumba, pamwamba pa siteshoni pamakhala chimsika chachikulu cha mashopu, pamwamba pa mashopuwo mafulati osanjikizana kambirimbiri, phindu lake n'kuthandiza kulipira njanji. Munthu amatsika pa chikepe kuchokera kunyumba kwake mpaka kukakwera sitima mvula osamukhudza. Komatu kukwera mtengo kwa malo kuli ndi mbali yake yowawa. Siteshoni ikangolengezedwa, lendi imayamba kukwera sitima isanabwere n'komwe, eni nyumba akusekerera, koma a lendi, omwe mwina ndi amene amaifuna kwambiri sitimayo chifukwa alibe galimoto, amapezeka akusamukira kutali komwe kulibe siteshoni. Nkhawa imeneyi ikumvekanso ku Paris, komwe akumanga Grand Paris Express, makilomita pafupifupi 200 a njanji yatsopano ndi masiteshoni 68, yambiri pansi pa nthaka, sitima zake zopanda dalaivala. Cholinga chake n'chakuti munthu wochokera dera lina la kunja kwa mzinda kupita dera linanso la kunja asamayambe walowa pakati pa Paris n'kutulukanso, nde Line 15 izizungulira mzindawo ngati mkombero.

Tsono kukumba siteshoni kumalo koti anthu sanafike ndi juga ndithu, ndipo imatha kugwa mbali iliyonse. Ku Chongqing, ku China, siteshoni ya Caojiawan inatsegulidwa mu 2015 pakati pa tchire, ndipo zithunzi zake zinazungulira pa intaneti anthu akuseka, khomo la siteshoni litatulukira m'maudzu, palibe msewu, palibe nyumba, pansi pake sitima zikuima mwa nthawi yake. Patangopita zaka zochepa misewu inafika, nyumba zitalizitali n'kumera kuzungulira khomo lomwe lija. Ku London zinayenda mwina. Pomwe amakumba laini yodutsa pa Hampstead kupita ku Golders Green, anakonza zoti pakati pa masiteshoni awiriwa pakhale ina yotchedwa North End, poyembekezera kuti minda ya pamwamba pake pamangidwa nyumba. Pansi anakumba ndithu, malo a mapulatifomu ndi tinjira tina, ndipo ikanakhala yakuya kuposa Hampstead yomwe. Koma Henrietta Barnett ndi anzake anayambitsa kampeni yogula malo aja kuti akhale paki, gawo lowonjezera la Hampstead Heath, ndipo anapambana. Nyumba zija sizinamangidwe, kampani inawerengera n'kuona kuti okwera sadzakhalapo okwanira, ntchito n'kuima mu 1906 zikepe zisanaikidwe, khomo la pamwamba lisanamangidwe. Mpaka lero sitima za Northern line zimadutsa pamenepo osaima, ndipo amene wakhala pawindo akayang'anitsitsa amangoona thanelo yakula pang'ono mumdima, kenako yathinanso.